Supageti wa Mmisiri

Mmisiri ankadziwa kuphika chinthu chimodzi basi, supageti wa nyama yogaya, koma ankaphika modzitama ngati ndiye anayambitsa. Anali kalipentala wa mipando ndi makabati, munthu woyenda ndi pensulo kukhutu ngakhale tsiku lopuma. Mkazi wake ankaphunzitsa masamu kupulayimale. Awiriwa sankatchulana mayina. Mwamuna ankati "Aphunzitsi", mkazi n'kumati "Amisiri", mpaka mwana wawo wamkazi anakula n'kukakhala kutali akuganiza kuti ndi mmene anthu apabanja amaitanirana.

Lamlungu masana khitchini inali ya Mmisiri. Akamaliza kuphika, mkazi wake ankakhala patebulo lomwe mwamunayo anakhoma chaka chimene anakwatirana, n'kumapiringiza supageti pafoloko mosathamanga, uku akusimba za ana a m'kalasi mwake. Mkati mwa sabata ankangodutsana, wina ndi utuchi kumutu, wina ndi choko m'manja. Lamlungu lokhalo ndi lomwe ankayang'anana kumaso, ndipo Mmisiri ankalidikira ngati mwana.

Ndiye kunabwera matenda a shuga. Mkazi uja anayamba ndi ludzu losatha, kenaka madiresi anayamba kumukhwepa. Kuchipatala anamupatsa kachipangizo koyezera magazi a pachala, ndi jakisoni wa insulini wooneka ngati cholembera, woti azidzibaya asanadye. Namwino anamukhazika pansi n'kumuphunzitsa kuti mankhwalawo amatsata chakudya: m'mbale mukachuluka zaufa aziwonjezera, zikachepa azichepetsa. Kwa mphunzitsi wa masamu zinali zosavuta. Koma nthawi yonseyo Mmisiri anali panja, akukangana pafoni ndi kasitomala wa kabati. Analowa nkhani ili kumapeto, n'kutolako ziwiri zokha: shuga ndi woopsa, ndipo supageti akalowa m'thupi amasanduka shuga. Theka lomwe anamvalo analigwira ndi manja awiri.

Atangofika kunyumba ananyamula chitini cha shuga n'kukachipereka kwa mayi wa khomo loyang'anana nalo, yemwe mdadada wonse unkamutchula kuti Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankazima. Anamupatsa ndi ulaliki womwe. Patapita masiku, akufunafuna makiyi m'chikwama cha mkazi wake, anapeza maswiti m'kathumba kam'mbali. Zinamupweteka, poganiza kuti mkazi wake akudya mobisa. Anangowachotsa n'kukawataya m'bini ya kushedi komwe ankakhomera mipando, n'kumadziona ngati mwamuna wachifundo kwabasi.

Nkhondo yeniyeni inali ya Lamlungu.

"Anamwino anati mwa apo ndi apo ndikhoza kudya, bola ndiwerengere mankhwala," anatero mkazi wake.

"Osati wophika ine. Manja angawa sangakupatseni poizoni."

"Ndiye mukadzaphika weniweni mudzandiitane."

Anatenga makope a ana n'kukalowa kuchipinda, ndipo zinakhala choncho Lamlungu lililonse. Ankadyera pabedi masamba ndi dzira, cholembera chofiira chili m'manja. Mmisiri ankakhala yekha patebulo la anthu anayi, akumva mapepala akutembenuzidwa kuseri kwa chitseko. Anamusowa mkazi wake ali m'nyumba momwemo. Anatsimikiza mtima kuti amubwezera patebulopo, koma supageti weniweni ayi.

Funso linayamba kumudya mutu: kodi chimene chimachititsa supageti kukhala supageti n'chiyani? Anatenga kamtengo kamodzi ka supageti wouma n'kupita nako kushedi. Anakayeza ndi rula, anakathyola n'kuyang'ana mkati mwake, chidutswa china anachinyika m'kapu ya madzi kuti aone mmene chimakhotera. Tsiku lina akupala thabwa anaona zopalidwazo zikutuluka papuleni, zazitali, zopyapyala, zopiringizika, ndipo anaima kukamwa kuli yasa. Anakagula puleni yaing'ono yatsopano, anaitsuka ndi madzi otentha, n'kukalowa nayo mumsika wa masamba.

Anayamba ndi karoti. Anatuluka bwino, timizere tofiira ngati maliboni, ndipo anatidula m'litali n'kutiwiritsa pang'ono. Anagogoda kuchipinda ali ndi kambale. Mkazi wake analawa ataima pakhomo pomwepo.

"Atatu pa khumi. Ameneyu ndi karoti wovala suti."

Nkhaka zinkaoneka zolonjeza zili zaziwisi, koma zitangogunda moto zinasanduka madzi. Mabiringanya anada n'kuyamba kuterera, moti Mmisiri mwiniwake anawataya asanagogode. Kabichi wodulidwa mopyapyala ngati tsitsi anapeza asanu pa khumi, koma fungo lake linaitana Wailesi, yemwe anabwera kudzafunsa ngati paipi ya kubafa yaphulika. Mwana wawo uja anaimba foni n'kunena kuti anamva za dzungu lina lomwe mkati mwake mumakhala tizingwe. Mmisiri anagula maungu a mitundu yonse yomwe anaipeza, aatali, ozungulira, amawangamawanga, n'kumawang'amba limodzilimodzi pabenchi la kushedi ngati dokotala. Tizingwe sanatipeze. Amayi a mumsika anayamba kukodolana akamuona akubwera, poti ndi kasitomala yekhayo amene ankayeza masamba ndi tepi.

Sanagwe mphwayi, chifukwa kulephera kulikonse kunkamuuza kanthu. Anazindikira kuti kutalika kokha si kanthu. Supageti amafunika akane dzino pang'ono asanagonje, azungulire foloko osaduka, ndiponso asakhale ndi kukoma kwakekwake kolimbana ndi msuzi. Masamba onse aja anali ndi makani, lililonse linkafuna kudziwika dzina. Ndiye anaganiza ngati kalipentala: zinthu zosagwirana zimafuna guluu, nanga guluu wa kukhitchini ndi chiyani? Dzira.

Anakazinga dzira mopyapyala ngati pepala n'kulidula timizere. Linazungulira foloko bwinobwino. Mkazi wake anatafuna nthawi yaitali kuposa masiku onse.

"Asanu ndi limodzi. Koma ndikumva ngati kwacha kumene."

"Ndiye mukhala patebulo?"

"Ndinakuuzani kale, Amisiri. Weniweni."

Chitseko chinatsekedwanso. Koma Mmisiri anaona kuti kambale kabwerera kopanda kanthu.

Ufa wa soya anaupeza m'sitolo ina yogulitsa nyemba ndi mbewu. Anaimbira mwana wake kuti amufufuzire, ndipo yankho linali lakuti zosanduka shuga mu soya n'zochepa poyerekeza ndi tirigu. Anakanda ufawo ndi mazira ndi kamchere. Poyamba unkangosweka ngati dothi louma. Anausiya upume atauphimba, monga amachitira ndi thabwa lomata kumene, ndipo unayamba kumvera. Anauphwatalalitsa ndi botolo. Kudula ndi mpeni kunkatulutsa timizere tosiyana kukula, zomwe diso lake silikanalola, choncho anakhoma kafelemu ka matabwa n'kumangapo mawaya atsopano opyapyala, okungika motalikirana mofanana. Akaika mtandawo pamwamba n'kugudubuza botolo, timizere tinkagwera pansi tofanana ngati ta m'paketi. Anaseka yekha mushedimo.

Chinatsala ndi mtundu, koma imeneyo ndiye inali ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Mmisiri ankatha kupaka thabwa la paini mpaka lioneke ngati mbawa. Sankanamiza munthu, malinga n'kunena kwake, kungoti wosafunsa sankamuuza. Anathira kaufa kachikasu ka zokometsera pansonga ya mpeni, ndipo mtundu unabwera ndendende.

Anayesa pa Wailesi. Mayiyo anadya ataimirira, akufotokoza za mlamu wake, osapumira.

"Nanga wakoma bwanji?" anafunsa Mmisiri.

"Ndi supageti, achimwene, mukufuna ndinene chiyani? Msuzi wachepa mchere."

Tsiku limenelo Mmisiri anayenda ngati wapambana mpikisano. Loweruka anagula paketi ya supageti weniweni, za mkatimo anapatsa Wailesi, pepala lake lokha n'kulisunga. Lamlungu analiika poonekera pafupi ndi mbaula, atalitsegula kukamwa, ndipo anakazinga anyezi ndi adyo chitseko cha khitchini chili chotsegula. Sipanatenge nthawi. Mkazi wake anatuluka kudzatunga madzi akumwa, anaona pepala lija, n'kuima.

"Amisiri, mwadwala?"

"Kamodzi sikangaphe munthu. Khalani pansi."

Anamuikira mbale yodzaza, msuzi wofiira uli pamwamba. Mkazi uja anaiyang'ana, kenaka anayang'ana mwamuna wake.

"Ndi weniweni?"

Apa ndiye kasitomala anali atafunsa.

"Weniweni."

Mkazi wake anayang'ananso mbale ija milomo ikugwedera, monga amachitira powerengera chamumtima. Anatenga jakisoni wake, anapotokola kumapeto kwake, anakweza bulauzi pang'ono n'kudzibaya pamimba. Mmisiri ankaona zimenezi tsiku lililonse ndipo sanaziganizire n'komwe. Maso ake anali pafoloko.

Foloko inazungulira. Timizere tinagwira, sitinaduke.

"Wafewa pang'ono."

"Ndi wa kampani ina."

Anadya. Anayamba kusimba za kamtsikana kena ka m'kalasi mwake komwe kanakana kuti ziro ndi nambala, kakuti chinthu chomwe palibe sangachiwerenge. Ankaseka mpaka kugwira m'mphepete mwa tebulo. Mmisiri anali atakonza zoti mbale ikatha aulule, atulutse kafelemu kaja, alandire khumi pa khumi. Koma mkazi wake anali wosangalala kwambiri, ndipo iye anali atamusowa nthawi yaitali. Anati adzanena mawa.

Anakhala patebulopo mpaka dzuwa linapendeka, kenaka Mmisiri anapita kukatsuka mbale, mkazi wake akupitiriza nkhani ali pampando. Ali mkati motsuka poto anamva kuti mawu ayamba kukokeka, chiganizo chimodzi chikubwerezedwa. Kapu inagwa pansi. Atatembenuka anapeza mkazi wake thukuta lili kamukamu, nkhope itatuwa, manja akunjenjemera pamwamba pa tebulo.

"Aphunzitsi, n'chiyani?"

"Musandifunse mafunso! Kachipangizo."

Anamubweretsera. Zala zinkakanika kugwira, koma anadzibaya n'kuyang'ana nambala.

"Watsika. Watsikiratu. Sizikugwirizana, ndadya mbale yonse." Anapuma movutikira. "Maswiti. M'chikwama, kathumba kam'mbali."

Mmisiri anangoti njo. Ankadziwa zomwe zinali m'kathumbako. Anatsegula kabati ya kukhitchini, yomwe anakhoma yekha n'kuisesa yekha: munalibe shuga, munalibe uchi, munalibe jamu. Anatuluka liwiro la mtondo wadooka, thovu la sopo lili m'manja, n'kukamenya chitseko cha Wailesi ndi zibakera.

"Shuga! Ndipatseni shuga!"

"Inu? Si inu munati shuga ndi..."

"Mayi, chonde!"

Wailesi anamuona nkhope n'kusiya nthabwala. Anabwera yekha ndi chitini chomwe chija. Anasungunula shuga m'kapu ya madzi, Mmisiri anagwira mutu wa mkazi wake, ndipo anamwa pang'onopang'ono, ena akutayikira pabulauzi. Anadikira. Mmisiri sanachitepo mantha otero chibadwire. Ankayang'ana milomo ya mkazi wake, akupempha chamumtima kuti imukalipirenso. Patapita kanthawi manja anasiya kunjenjemera. Anayezanso, nambala inali itakwera. Wailesi anathamangira kwawo n'kubwera ndi buledi.

Mkazi uja anadya bulediyo maso ali pansi. Atayankhula, mawu ake anali aang'ono.

"Ndalakwitsa kuwerengera. Ine, wophunzitsa ana a eni masamu. Kapena thupi langali lasintha, silikumveranso. Nanga madzulo ano ndidzibaya bwanji? Ndikuopa, Amisiri."

Wailesi anali ndi supageti weniweni uja m'kabati mwake, ndipo mutu wake unkagwira. Anayang'ana pepala lomwe linali pafupi ndi mbaula, anayang'ana Mmisiri, ndipo kwa nthawi yoyamba chisamukireni mumdadadamo anakhala chete. Anasiya chitini patebulo n'kutuluka, n'kutseka chitseko mwaulemu.

Mmisiri anapita kuseri kwa kabati. Anatulutsa kafelemu ka mawaya ndi thumba la ufa wa soya n'kuziika pamaso pa mkazi wake.

"Simunalakwitse. Sanali weniweni. Ndi soya ndi mazira, ndinapanga ndekha."

Mkazi wake anagwira mawaya aja ndi chala, n'kuwaliza pang'ono.

"Nanga maswiti anga?"

"Ndinataya. Ndinkaganiza kuti mukudya mobisa."

"Anandipatsa ndi anamwino. Ndi a tsiku ngati lalero." Sanakweze mawu, ndipo Mmisiri akanakonda akanakuwa. "Mukudziwa chimene ndimawerengera ndikamayang'ana mbale? Mankhwala aja amapita kukadikira chakudya m'magazi. Ndawatumiza ambiri kuti akakumane ndi supageti, ndiye akafika n'kupeza kulibe. Adya shuga wanga yemwe ndinali naye."

"Sindinkadziwa."

"Munali pafoni." Anakankhira kafelemuko pambali. "Mpando wa paini mukaupaka kuti uoneke ngati mbawa, munthu amakhalapo basi, sagwa. Koma ine chimene mwandiuza chimalowa m'magazi."

Anadzuka atagwira khoma n'kupita kuchipinda. Madzulo ake anadziphikira yekha dzira ndi masamba, ndipo Mmisiri atafuna kumuthandiza kusenda anyezi, anamulanda mpeni.

M'mawa mwake shedi sinatsegulidwe. Mmisiri anaperekeza mkazi wake kuchipatala, foni anaisiya kunyumba dala, ndipo anamva theka lija lomwe analiphonya. Namwino anamudzudzula mosapsatira. Kenaka chidwi chinamugwira nayenso, anafunsa kuti mawayawo anawamanga bwanji. Pobwerera Mmisiri anagula maswiti mapaketi awiri. Ena anaika m'chikwama chija mkazi wake akuona, ena m'kambale pakati pa tebulo. Sabata yonse mkaziyo sanadye kanthu kochokera m'manja mwake, ngakhale tiyi.

Lamlungu linafika. Mmisiri anakanda mtanda wake, anaugudubuza pa mawaya, anakazinga anyezi. Thumba la soya analisiya poonekera, makoko a mazira ali pambali pake. Anayala mbale ziwiri n'kukhala pansi. Sanagogode. Kuchipinda kunkamveka mapepala akutembenuzidwa, ndipo nthunzi inayamba kuchepa pa mbale zija.

Chitseko chinatseguka. Mkazi wake anatuluka jakisoni ali m'manja, n'kuima pafupi ndi mpando wake. Mbale sanaiyang'ane. Anayang'ana mwamuna wake.

"Muli chiyani?"

"Ufa wa soya, kapu imodzi pa awirife. Mazira. Mchere. Mumsuzi muli nyama, tomato, anyezi ndi adyo."

"Tirigu?"

"Mulibe."

"Palibe china?"

"Kachikasu pang'ono. Kongodzionetsera."

Milomo ya mkaziyo inagwedera. Anapotokola jakisoni uja pang'ono chabe, anakweza bulauzi. Ulendo uno Mmisiri sanayang'ane foloko. Anayang'ana singano ikulowa, akudziwa kuti palibe chomwe mkazi wake wayeza kupatula mawu ake.

Mkazi uja anakhala pansi, anapiringiza, anatafuna mosathamanga.

"Asanu ndi awiri."

"Sabata yatha munamaliza mbale yonse."

"Atatuwo ndakuchotserani chifukwa cha khalidwe." Anapiringizanso. "Idyani, Amisiri, akuzizira. Kamtsikana ka ziro kaja ndinakasiyira pati?"